Ndinabaya vairasi ya ku mtima, nanga bwanji chiwindi ndiye chawala?

Funso: Adokotala, ndine wophunzira wa digiri yachiwiri ndipo kafukufuku wanga ndi wa minofu ya mtima. Ndikufuna kulowetsa jini inayake m'maselo a mtima wa mbewa za mu labotale. Poyeserera ndinatenga mbewa zikuluzikulu 6, zazimuna ndi zazikazi, n'kuzibaya vairasi ya AAV9 yonyamula jini ya GFP, puloteni yowala mobiriwira, pansi pa promoter (choyatsira jini) ya CMV kudzera mu mtsempha wa kumchira. Patatha milungu inayi mtima ukuwala ndithu, koma chiwindi chikuwala kuposa mtimawo, ndipo mbewa ziwiri sizikuwala pena paliponse. Kodi anandipatsa vairasi yolakwika? Nanga ndi vairasi iti imene imapita ku mtima kokha?

Yankho: Khazikani mtima pansi. Vairasi anakupatsaniyo ndi yomwe munaitanitsa, ndipo yagwira ntchito yake bwino lomwe. Chiwindi chowalacho ndi umboni woti jakisoni analowadi mu mtsempha komanso kuti vairasi yanu ili ndi mphamvu. Mukanandiuza kuti mtima wokha ndiwo wawala pomwe chiwindi chili bii, ndikanayamba kukayikira maikulosikopu yanu. Funso lachiwirilo ndiliyankhiretu mosapita m'mbali: vairasi yopita ku mtima kokha kulibe. Ya ku ubongo kokha kulibe, ya ku minofu kokha kulibenso.

Chimene chimasocheretsa ophunzira ambiri ndi timatebulo tija timapezeka kwa opanga mavairasi, tolemba kuti AAV8 ndi ya chiwindi, AAV9 ndi ya mtima ndi ubongo, AAV6 ndi ya minofu ndi mapapo. Munthu amatiwerenga ngati keyala ya pa kalata. Chonsecho tebulolo likungonena kuti chigoba chakutichi chimalowa bwino m'chiwalo chakuti poyerekeza ndi zigoba zinzake. Silikulonjeza kuti chilambalala ziwalo zina. Kuti jini igwire ntchito m'chiwalo chimodzi timachita kusanjikiza zinthu: chigoba cha vairasi, malo obayapo, promoter, ndi mbewa yeniyeniyo. Inu mwasankha bwino chigoba, koma promoter mwatenga yosasankha, ndipo vuto lanu lagona pamenepo.

Tiyambe ndi kanthu kamene muli nako m'kachubu kaja. AAV, kapena kuti adeno-associated virus, inatulukiridwa mu 1965 ngati chinthu chodetsa adenovirus amene asayansi ankaweta, ndipo payokha siichulukana popanda vairasi ina yoithandiza. Ndi yaing'ono zedi, pafupifupi 25 nm. Chigoba chake chimapangidwa ndi mapuloteni 60 a mitundu itatu, VP1, VP2 ndi VP3, ndipo mkatimo muli DNA ya chingwe chimodzi yotalika pafupifupi 4.7 kb, kutanthauza ma base (zilembo za DNA) 4,700. Ku mapeto onse awiri a DNA imeneyi kuli kachigawo kotchedwa ITR ka ma base 145. Popanga vector, vairasi yonyamulira jini, timachotsa majini a vairasi, rep ndi cap, n'kusiya ma ITR okhawo, pakati pake n'kuikapo promoter, jini yanu ndi polyA, chizindikiro cha mapeto a uthenga. Nambala 9 ya mu dzina la AAV9 ikunena za chigoba basi. Ma ITR nthawi zambiri amakhala a AAV2, n'chifukwa chake ena amalemba AAV2/9.

Tsopano itsatireni vairasiyo ikachoka mu singano. Magazi a kumchira amabwerera ku mtima, n'kupita ku mapapo, n'kubwereranso ku mtima, kenako kufalikira thupi lonse, zonsezi m'masekondi owerengeka chifukwa mtima wa mbewa umagunda maulendo 500 kapena 600 pa mphindi. Chiwindi chimalandira gawo lalikulu la magazi amenewo, ndipo timitsempha take tili ndi timaenje ta pakati pa 100 ndi 150 nm. Kanthu ka 25 nm kamangodutsa timaenje timeneti ngati nyerere pa khomo, n'kukagunda maselo a chiwindi mwachindunji. Timitsempha ta mu mtima tilibe timaenje totere, ndiye vairasi imachita kuwoloka khoma la mtsempha kuti ikafike pa selo la minofu. AAV9 imapambana anzake pa ntchito yowolokayi, mwa zina chifukwa imachedwa kuchotsedwa m'magazi ndiye imazungulira nthawi yaitali. Imagwira pa shuga wotchedwa galactose wa pamwamba pa maselo, pomwe AAV2 imagwira pa heparan sulfate, ndipo AAV1, AAV5 ndi AAV6 zimagwira pa sialic acid. Koma galactose sali pa mtima pokha. Nayonso puloteni ya AAVR, imene inalengezedwa mu 2016 kuti mitundu yambiri ya AAV imaidalira polowa m'selo, ili pa maselo a ziwalo zambirimbiri. Zincarelli ndi anzake atayerekeza AAV1 mpaka AAV9 mu 2008, pobaya mbewa kumchira monga munachitira inumu, AAV9 inaoneka yamphamvu pa mtima, koma chiwindi chinali pomwepo. Zimene mwaonazi anthu akhala akuziona kwa zaka zoposa 15.

Promoter ndi kachigawo ka DNA kamene kamauza selo kuti liyambe kuwerenga jini, ndipo selo limamvera pokhapokha likakhala ndi mapuloteni ogwirizana ndi kachigawoko. CMV inachokera ku vairasi ina ndipo imamveka pafupifupi m'selo lililonse. Mwaipatsa chilolezo choyaka paliponse pamene vairasi yatera, ndiye musadabwe. Sinthani, muike promoter ya cardiac troponin T, imene timangoitcha cTnT. Yodziwika kwambiri inatengedwa ku nkhuku, ndi yaifupi, ma base pafupifupi 400, ndipo ikaphatikizidwa ndi AAV9 imayaka m'maselo a minofu ya mtima n'kukhala pafupifupi chete m'chiwindi. Wina adzakuuzani kuti mutenge promoter ya αMHC, puloteni ina ya minofu ya mtima, poti ndiyo imagwiritsidwa ntchito popanga mbewa zosinthidwa majini. Mufunseni kuti ikakwana pati, pakuti yathunthu ndi pafupifupi 5.5 kb, yoposa vairasi yonse. MHCK7 nayo ndi yabwino, kungoti imayaka mu mtima ndi m'minofu ya m'miyendo momwe, ndiye imayenera munthu wofufuza matenda ogwira minofu yonse, osati inu. Dziwaninso kuti cTnT siiwala mofanana ndi CMV. Musadzakhumudwe mukadzaona mtima ukuwala mocheperako kusiyana ndi wa ulendo uno. Mwina ndiko kuchuluka kumene selo lingakwanitse kupirira.

Apa ndi pamene ndikufuna mudekhe, chifukwa anthu ambiri akaona chiwindi chazima amati atha. Promoter siiletsa vairasi kulowa m'chiwindi. Vairasi imalowabe mochuluka ngati kale, DNA yake imakhala momwemo mu nucleus, yangokhala chete. Mukayeza ndi qPCR, njira yowerengera DNA, kuchuluka kwa DNA ya vector pa selo lililonse, chiwindi chidzapambanabe mtima ngakhale chisakuwala n'komwe. Ndipo chetechete ameneyu sakhala wathunthu. Ma ITR pawokha amatha kuyatsa jini pang'ono, komanso mu 2017 gulu la Ian Alexander ku Sydney linaonetsa kuti kachigawo ka DNA ya AAV2 koyandikana ndi ITR ya kumapeto, kamene kanatsalira m'ma plasmid ambiri (timikombero ta DNA topangira vector), kamagwira ntchito ngati enhancer (chokolezera jini) ndi promoter m'maselo a chiwindi. Kudontha kotereku pa GFP simungakuone. Koma jini yanu ikakhala ya Cre kapena Cas9, mapuloteni odula DNA, timamolekyu tochepa tikwanira kudula DNA ya selo kosatha, ndiye mumadzazindikira mochedwa kuti jini mumafuna kuichotsa mu mtima yachokanso m'chiwindi. Chimodzimodzinso puloteni yotuluka m'selo n'kulowa m'magazi: chiwindi ndi chachikulu, kudontha pang'ono kuchokera m'maselo ake onse kumachulukana, ndipo mungathokoze mtima pa ntchito imene yagwiridwa ndi chiwindi.

Mankhwala a vuto limeneli ndi otsika mtengo ndipo satenga malo. Maselo a chiwindi ndi odzaza ndi microRNA (ka RNA kakafupi kozimitsa mauthenga a majini) yotchedwa miR-122, yomwe ndi pafupifupi 70 peresenti ya microRNA yonse ya m'chiwindi, pomwe mu mtima mulibe yoti n'kuwerengera. Mukaika kachigawo kogwirana nayo, ka ma base 22, katatu kapena kanayi kumbuyo kwa jini yanu polyA isanafike, RNA iliyonse yopangidwa m'chiwindi imadulidwa isanasanduke puloteni. Chiwindi chimadziphera chokha uthengawo. Ine vector ya mtima yopanda timagawo timeneti sindiivomerezanso kwa wophunzira wanga aliyense, ngakhale promoter yake akuitama bwanji.

Msinkhu wa mbewa nawo ndi chida, ndipo ambiri sachigwiritsa ntchito. DNA ya AAV kawirikawiri siilowa mu chromosome, imapanga timikombero toima patokha mu nucleus. Selo likagawikana timikomberoto sitikoperedwa, ndiye timasungunuka pang'onopang'ono. Maselo a minofu ya mtima wa mbewa amasiya kugawikana mkati mwa mlungu woyamba chibadwire, pomwe chiwindi cha kamwana chimapitiriza kukula kwa milungu ingapo. Mukabaya tiana ta tsiku limodzi kapena awiri, mtima umasunga vector, chiwindi chimaitaya yambiri chikamakula, ndipo vairasi yofunika pa kamwana ka magalamu osakwana awiri ndi yochepa poyerekeza ndi ya mbewa ya magalamu 25. Pa tiana, ngakhale kubaya pansi pa khungu kapena m'mimba kumafikitsa AAV9 ku mtima. Koma njirayi ili ndi mtengo wake. Jini yanu idzakhala ikugwira ntchito pamene mtima ukukula, ndiye ngati funso lanu ndi la mtima wa mbewa yaikulu mwasintha funso. Komanso kuyambira mu 2001 pakhala malipoti a khansa ya chiwindi mwa mbewa zimene zinabayidwa AAV zili makanda n'kusungidwa kupitirira chaka, chifukwa nthawi zina vector imalowa mu DNA ya mbewa pa malo otchedwa Rian pa chromosome 12. Ngati kafukufuku wanu ndi wa miyezi iwiri kapena itatu izi sizikukhudzani kwenikweni.

Mwati munasakaniza zazimuna ndi zazikazi. Bwererani ku zithunzi zanu mukaone ngati ziwindi zowala kwambirizo si za zazimuna. Davidoff ndi anzake anaonetsa mu 2003 kuti AAV imagwira chiwindi cha mbewa yaimuna kangapo kuposa cha yaikazi, ndipo chimachititsa ndi mahomoni a chimuna. Sindikuti muzigwiritsa ntchito zazikazi zokha. Ndikuti muzilemba, ndipo magulu oyerekeza azifanana.

Nanga zigoba zatsopano zopangidwa mu labotale? Zilipo, ndipo zina n'zabwino. AAVMYO ya mu 2020 yochokera kwa Dirk Grimm ku Heidelberg ndi MyoAAV ya mu 2021 yochokera ku Broad Institute zonse ndi AAV9 yolowetsedwa kachidutswa ka puloteni kokhala ndi ma amino acid atatu otchedwa RGD, kamene kamagwira pa ma integrin, mapuloteni a pamwamba pa maselo a minofu. Zimalowa mu mtima ndi m'minofu kuposa AAV9 wamba pa mlingo wochepa, ndipo chiwindi chimatenga zocheperako. Zocheperako, osati kuti sichitenga. Musanathamangire chigoba chatsopano chilichonse mumve kaye nkhani ya PHP.B, ngakhale ndi ya ubongo.

Mu 2016 Benjamin Deverman ndi Viviana Gradinaru ku Caltech analengeza chigoba cha AAV-PHP.B, chomwe ndi AAV9 yowonjezeredwa ma amino acid 7. Ukabaya mu mtsempha chinkawoloka chotchinga cha pakati pa magazi ndi ubongo n'kuyatsa ubongo wonse wa mbewa yaikulu, maulendo osachepera 40 kuposa AAV9. Chaka chotsatira kunabwera PHP.eB yamphamvu kuposa pamenepo. Malabotale anazilandira ndi manja awiri. Posakhalitsa ena anayamba kudandaula kuti kwa iwo sizikugwira ntchito, ndipo mukhoza kuganiza kuti ophunzira angati anakalipiridwa kuti sadziwa kubaya. Mu 2018 zinadziwika kuti chigobachi chimagwira mwa mbewa za mtundu wa C57BL/6J, zimene anagwiritsa ntchito pochisankha, koma osati mwa BALB/cJ, ndiponso mwa anyani mwayi wakewo sunaoneke. Mu 2019 chifukwa chake chinapezeka: PHP.B imakwera pa puloteni ya LY6A ya pa makoma a timitsempha ta mu ubongo, ndipo mitundu ina ya mbewa ili ndi LY6A yosiyana imene siinyamula vairasi. Anthu alibe LY6A n'komwe. Inu m'funso lanu simunatchule mtundu wa mbewa zanu, ndipo mwa zonse zimene mwasiya, chimenechi ndicho ndikanafunsa poyamba. Musanagule chigoba, fufuzani kuti anachiyesa mwa mbewa za mtundu wanji, za msinkhu wanji, pobaya pati.

Njira yolimba kwambiri, ngati labotale yanu ili ndi mbewa zake, ndiyo kusiyira mbewayo kuti isankhe. Pali mbewa zimene zimapanga Cre m'maselo a minofu ya mtima okha, monga αMHC-Cre. Jini yanu mumaiika mu vector chozondoka, pakati pa timagawo ta lox tiwiritiwiri timene Cre imatizindikira, kapangidwe kotchedwa DIO kapena FLEX. Selo lopanda Cre limalandira jini yosawerengeka, pomwe lokhala ndi Cre limaitembenuza n'kuyamba kuiwerenga. Mukatero mutha kugwiritsa ntchito promoter yamphamvu ngati CAG osaopa chiwindi. Pali zinthu ziwiri zoti musamale nazo. Ma plasmid a DIO ena amatembenuka okha ali m'mabakiteriya kapena popanga vairasi, ndiye nthawi zonse bayaninso m'bale wa mbewayo wopanda Cre kuti muone kudontha. Chachiwiri, Cre yochuluka imavulaza mtima payokha. Mbewa za αMHC-Cre zikamakalamba mtima wake umafooka ngakhale palibe jini yachotsedwa, ndipo za MerCreMer, zimene Cre yake imayatsidwa ndi mankhwala a tamoxifen, zimafooka mtima kwa kanthawi zikapatsidwa tamoxifen wambiri. Gulu loyerekezera likhale ndi Cre, apo ayi mudzalemba matenda a Cre ngati zotsatira za jini yanu.

Mawu oti "maselo a mtima" nawonso muwaunike. Powerenga chiwerengero, maselo a minofu ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a maselo onse a mu mtima wa mbewa. Otsalawo ndi a m'makoma a mitsempha, ma fibroblast (opanga ulusi womanga chiwalo), ndi a chitetezo cha m'thupi. AAV9 imakonda a minofu, ma fibroblast siiwagwira kwenikweni. Ngati jini yanu ikufunika mu ma fibroblast ndiye kuti nkhani yonse tiyambirenso. Ndipo musayese AAV9 pa maselo a m'mbale n'kuiweruza kuti ndi yofooka. M'mbale imachita ulesi, AAV6 ndiyo imagwira bwino maselo a mtima owetedwa. Zimene chigoba chimachita m'mbale sizikuuzani zimene chidzachite m'thupi.

Tibwere ku mbewa ziwiri zosawalazo. Ndikhoza kubetcha kuti singano inaphonya mtsempha. Palibe chochititsa manyazi, aliyense wa ife anadutsamo, makamaka pa mbewa zakuda za C57BL/6 zimene mitsempha yake siioneka bwino. Mitsempha yobayapo ili m'mbali mwa mchira, kumanja ndi kumanzere. Wa pansi pa mchira ndi wochokera ku mtima, musaukhudze. Funditsani mchira m'madzi ofunda kapena pansi pa nyali kwa mphindi zingapo mpaka mtsempha utatupa n'kuoneka ngati ulusi wakuda. Tengani sirinji ya insulin ya singano ya 29G kapena 30G, kukamwa kwa singano kuloze kumwamba, n'kulowetsa chogona, pafupifupi molingana ndi mchirawo, pakuti mtsemphawu uli pansi pa khungu penipeni. Muyambire cha kumapeto kwa mchira kuti mukaphonya mukwere pang'ono n'kuyesanso. Chala chanu ndicho chidzakuuzani. Mukalowa mu mtsempha sirinji imatsika yokha mofewa, ndipo mumaona mtsempha ukuyera kuti mbee kukwera cha ku thupi pamene madziwo akukankha magazi. Mukaphonya sirinji imalimba, ndipo pa nsonga ya singano pamatupa kachotupa koyera. Mukaona kachotupako lekani pomwepo, musakakamize poganiza kuti ina ilowabe. Mbewa ya magalamu 25 ipatseni 100 mpaka 150 µl, osapyola 200.

Ine ndili wophunzira ndinataya miyezi itatu chifukwa cha manyazi. Ndinabaya gulu la mbewa, zingapo ndikudziwa mu mtima kuti sirinji inalimba, koma m'buku ndinalemba kuti zonse zayenda bwino poti amene ankandiyang'anira anaima kumbuyo kwanga. Zotsatira zitabwera zinali zobalalika moti sitinathe kunena kanthu, ndipo ndinalibe njira yodziwira kuti yophonyedwa ndi iti. Kuchokera pamenepo pafupi ndi nambala ya mbewa iliyonse ndimalemba nthawi yomweyo kuti "yonse", "theka" kapena "yaphonya". Ngati mchira ukukukanikani, pemphani akuphunzitseni kubaya kuseri kwa diso mbewa ili chigonere ndi isoflurane. Zimaoneka zoopsa kwa woonera, koma m'manja mwa munthu wophunzitsidwa zimatenga masekondi ochepa ndipo kuphonya n'kosowa. Komiti yanu yoona za chisamaliro cha nyama iyenera kuvomereza njirayo musanayambe. Mbewa ziwiri zija musazibayenso kuti mupulumutse kafukufuku. Vairasi imene inatsalira pansi pa khungu yadzutsa kale chitetezo cha m'thupi, ndipo ma antibody adzagwira AAV9 yachiwiriyo isanafike kulikonse.

Ngati mukutsimikiza kuti jakisoni analowa, funsani kuti mbewa ziwirizo zinabayidwa tsiku limodzi ndi zinzake kapena ayi, ndiponso kuchokera m'kachubu kamodzi kapena ayi. AAV imamatirira ku pulasitiki. Mukaisungunula kwambiri m'madzi a mchere opanda kanthu, gawo lina limatsalira pa khoma la kachubu, pa nsonga ya pipette ndi mu sirinji. N'chifukwa chake timathiramo Pluronic F-68 ya 0.001 peresenti ndi kugwiritsa ntchito timachubu tosamatirira. Ikangofika igaweni m'timachubu ting'onoting'ono, musunge pa madigiri 80 pansi pa ziro, kachubu kalikonse kasungunulidwe kamodzi. Nambala ya titer, yonena kuchuluka kwa vairasi, yolembedwa pa kachubu musamaikhulupirire ngati lemba. Malabotale awiri oyeza vairasi imodzi ndi qPCR amatha kusiyana kangapo, malinga ndi ma primer ndi muyezo umene atenga. Pa mtima wa mbewa yaikulu anthu ambiri amabaya pakati pa 1 × 10¹¹ ndi 1 × 10¹² vg (chiwerengero cha ma DNA a vector) pa mbewa imodzi, koma vairasi yatsopano iliyonse muiyese pa milingo iwiri kapena itatu pa mbewa zochepa musanabaye gulu lonse. Kuchulutsa mlingo sikuwonjezera kulunjika. Mtima ukakhuta, chowonjezeracho chimangopita ku ziwalo zimene simukuzifuna. Zotsala ndi masingano muziviike mu bleach, chifukwa ethanol ya 70 peresenti siipha AAV.

Pa nkhani yoona zotsatira ndili ndi chidandaulo ndi momwe ambiri timachitira: timadula chiwalo chimene tikufuna, tikaona chawala timajambula, zotsalazo n'kutaya. Inu mwachita bwino kuyang'ana chiwindi. Ulendo wotsatira tengani mtima, chiwindi, minofu ya m'ntchafu, diaphragm, mapapo, impso, ubongo, ndi timagulu ta maselo a minyewa ta m'mbali mwa msana totchedwa DRG, timene AAV9 imatikonda kwambiri. Chiwalo chilichonse chifunsidwe mafunso atatu osiyana: DNA ya vector ilimo yochuluka bwanji, RNA ikupangidwa yochuluka bwanji, puloteni ili m'maselo ati. Funso lomalizali limayankhidwa podaya kachidutswa ka mtima ndi antibody ya troponin kapena α-actinin kuti muone ngati kubiriwirako kuli m'maselo a minofu enieni. Pambali pakhale mbewa yosabayidwa, yojambulidwa ndi maikulosikopu yotcheredwa chimodzimodzi, chifukwa chiwindi ndi mtima zimawala mobiriwira pazokha, makamaka zikakhalitsa mu formalin kapena mbewa ikakhala yokalamba. Ndinaonapo chithunzi chokongola cha "GFP" chochokera kwa mbewa imene sinalandirepo vairasi. Milungu inayi munadikirayo ndi yabwino. DNA ya chingwe chimodzi imayenera kupangidwa kaye chingwe chachiwiri, ndiye woyang'ana pa tsiku lachisanu amaona mdima n'kutaya vairasi yabwinobwino.

GFP yeniyeniyo si madzi. Mu 2000 gulu la Seigo Izumo linalemba za mbewa zimene mtima wake unatupa n'kufooka chifukwa chongopanga GFP yochuluka. Choncho poyeza kapopedwe ka mtima pafunika magulu atatu: lolandira jini yanu, lolandira vector yofanana yonyamula GFP kapena luciferase (puloteni ina yotulutsa kuwala) pa mlingo womwewo, ndi lolandira madzi a mchere okha. Mukangoyerekeza jini yanu ndi GFP, mwina jiniyo idzaoneka yochiritsa pomwe GFP ndiyo ikudwalitsa anzakewo.

Mavairasi ena ndiwadutse mwachangu chifukwa pa ntchito yanuyi sakuposa AAV9. Adenovirus imanyamula katundu wambiri, pafupifupi 8 kb pa mtundu wamba, ndipo jini imayaka m'masiku awiri kapena atatu. Koma ukaibaya mu mtsempha pafupifupi yonse imathera m'chiwindi, ndipo chitetezo cha m'thupi chimapha maselo oilandira m'milungu iwiri kapena itatu. Pa mtima imafuna kutsegula chifuwa n'kubaya mnofu weniweniwo, ndipo imangogwira pozungulira pamene singano yadutsa. Kumene imagwira ntchito yokoma ndi m'mapapo, kumene adenovirus yonyamula Cre imadonthezedwa m'mphuno kapena pa kholingo kuti iyambitse zotupa mwa mbewa zosinthidwa jini ya khansa ya Kras. Lentivirus inapangidwa kuchokera ku HIV-1 mu 1996, imanyamula pafupifupi 8 kb ndipo imalowetsa jini mu chromosome, ndiye imayenera maselo ogawikana monga a m'mafuta a m'mafupa, amene timawatulutsa, kuwapatsa jini m'mbale, n'kuwabwezera. Ndi yaikulu, pafupifupi 100 nm, siiwoloka makoma a timitsempha ta mu mtima, ndipo imafuna chipinda cha chitetezo cha mlingo wachiwiri, BSL-2.

Ndikanakhala inu ndikanaitanitsa AAV9 yonyamula GFP pansi pa cTnT, yokhala ndi timagawo ta miR-122, n'kuyesa milingo iwiri pa mbewa zitatuzitatu za mtundu umodzi ndi msinkhu umodzi, kuphatikizapo imodzi yosabayidwa, n'kudikiranso milungu inayi. Musanatero tsegulani mapu a plasmid yanu muwerenge ma base kuyambira ITR yoyamba mpaka yomaliza. Ma ITR awiri, cTnT, timagawo ta miR-122 ndi polyA yaifupi zikudyerani pafupifupi 1 kb, ndiye jini yanu isapyole 3.6 kapena 3.7 kb. Zonse pamodzi zikadutsa 5 kb chigoba chimanyamula zidutswa zoduka, titer idzaoneka yabwino koma puloteni osatuluka. Pa scAAV, imene DNA yake imadzipinda kukhala zingwe ziwiri ndipo imayaka msanga, malo ndi theka lokha. SpCas9 payokha ndi pafupifupi 4.2 kb, n'chifukwa chake ambiri amatenga SaCas9 ya 3.2 kb kapena mbewa zobadwa kale ndi Cas9, vairasi n'kungonyamula guide RNA yolozera Cas9 podula. Plasmid isanapite kokapanga vairasi muidulenso ndi SmaI, enzyme yodula m'ma ITR, kuti mutsimikize kuti ma ITR onse awiri akadalipo, pakuti mabakiteriya amakonda kuwadula. Mukandilemberanso mundiuze kutalika kwa jini yanu, mtundu wa mbewa, ndiponso ngati puloteniyo imakhala m'selo kapena imatuluka.